Galimoto Yogwada ndi Bondo la Apongozi

Pali zinthu zina zimene mwamuna amachita nzeru zake zili bwinobwino, popanda womulodza, kenako n'kumayendayenda kufuna woti amuloze chala. Ine pa nkhani ya galimoto yanga ndinafunafuna woti ndimuloze, koma chala chinkangobwerera pachifuwa panga. Chowawa n'chakuti amene anavutika nazo si ine. Anali apongozi anga aakazi, mayi amene sanandilakwirepo kanthu chikwatirire mwana wawo.

Galimotoyo ndinaigula kwa Ba Chanda, mkulu wina wa ku Kopala amene ali ndi yadi ya magalimoto ogwirapo kale ntchito kufupi ndi Chawama kuno ku Lusaka. Anthu amati ogulitsa magalimoto onse ndi akathyali, koma uyu ndimuikire kumbuyo. Anandionetsa kagalimoto kotuwa kochokera ku Japan, n'kundiuza yekha kuti chitseko chakumbuyo chimafuna kumenyetsa ndiponso kuti wailesi yake imangolankhula Chijapani. Injini yokha inkalira mofatsa ngati mphaka wokhuta. Pondipatsa makiyi anandigwira paphewa.

"Boss, iyi motoka siifuna vambiri. Muipase chabe mafuta na oilo, izamisungani."

Ndinavomera ndi mutu, ndipo panthawiyo ndinkavomeradi ndi mtima wonse. Ndinaiyendetsa mpaka kwathu ku Mtendere, kumapeto kwenikweni koyang'anana ndi Kalikiliki, ikudumpha miyala ndi ngalande popanda kudandaula. Mkazi wanga, amake Taonga, anaizungulira akuisisita, ana a aneba akudziyang'anira pa magalasi. Inali galimoto yabwino, ndinene zoona, ndipo ikanakhala yabwinobe ndikanakhala wogontha.

Mavuto anayambira kotsukitsa magalimoto. Anyamata a kumeneko anaitsuka mpaka kuwala, kenako mmodzi anabwerera m'mbuyo n'kuipendeketsera mutu.

"Ba mudala, motoka ni yabwino, manje iimilila monga ya ba hedimasita."

Mawu amenewo anandilowa ngati minga ya m'chidendene. Ine munthu wobadwira ku Matero, amene pa unyamata wanga ndinkadziwika ndi nsapato zosongoka, lero ndiziyenda ngati ahedi opuma ntchito? Ndinayamba ndi tinti, magalasi onse bii. Kenako malimu onyezimira a m'matayala. Kenako chisipika chachikulu chimene chinadzaza buti yonse, moti ngakhale thumba la makala linalibe pokhala (amake Taonga atafunsa kuti katundu tiziika pati, ndinawayankha kuti nyimbo nazonso ndi katundu). Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma ine mwambiwu ndinkaudziwa ngati wonena anthu ena.

Chomaliza chinali kuidiropa, kutanthauza kuitsitsa kuti mimba yake iyandikire pansi. Ndinapita kwa Ba Jere, makanika wa ku Kalingalinga, amene anati njira yachidule ndi kudula masipuling'i. Atagwira kale chodulira anandifunsa kumene ndimakhala. Nditawauza kuti ku Mtendere, cha ku Kalikiliki, anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu.

"Nidule zoona?"

Ndinati adule. Ndipo abale, itatsika pa jeke galimoto ija inakongola. Inagona pansi ngati nyalugwe wofuna kudumpha. Anyamata otsuka aja anaimba mluzu, ndipo kuyambira tsiku limenelo anasiya kunditchula kuti mudala.

Vuto linali mahampu, zitunda zija amaika pamsewu kuti magalimoto azichepetsa liwiro. Amene anayendapo msewu wodutsa ku Kalingalinga kupita ku Mtendere akudziwa kuti kumeneko anawadzala ngati mizere ya mbatata. Koma ndinaphunzira kuwakwera mopingasa, tayala limodzi kenako linzake, pang'onopang'ono ngati nkhanu. Ndikakhala ndekha inkadutsa bwinobwino. Ndikakhala ndi amake Taonga inkakhula pang'ono, ine n'kukweza nyimbo kuti asamve.

Ndiye kunabwera uthenga wakuti apongozi akubwera kuchokera ku Katete. Bondo lawo lakumanja linali litatupa kwa miyezi, ndipo ankafuna kudzaonana ndi adokotala a mafupa kuno ku Lusaka. Pamene ndinkakwatira mwana wawo ndinali munthu wongokwera minibasi, choncho uwu unali mwayi wanga woti aone kuti mwana wawo sanagwe pa mwala. Ndinalumbira pamaso pa mkazi wanga kuti amayi sadzaponda pansi kuchokera pa siteshoni mpaka pakhomo. Ndinaitsuka ndekha galimotoyo, mpaka matayala kuwapaka polishi.

Muyenera kudziwa kuti apongozi anga ndi Mchewa wosunga mwambo. Mkamwini salankhula nawo maso ndi maso, sakhala nawo pafupi, ndipo chilichonse chimadzera mwa mwana wawo. Ngakhale tili m'chipinda chimodzi amati, "Uwafunse atate a Taonga ngati adzuka bwino," ine ndili pomwepo, n'kuyankhanso kudzera mwa mkazi wanga. Ndi mayi wathupi, wamtali, woyenda mwaufumu ngakhale akutsimphina. Pa siteshoni anatsika basi ndi ndodo kudzanja, kumbuyo kwawo kukutsika thumba la nshawa (mtedza), thumba la mbatata, maungu ndi nkhuku yomanga miyendo.

Ndinagwada, ndinaomba m'manja, kenako ndinatsekula buti mwachizolowezi. Chisipika chinandiyang'ana, inenso ndinachiyang'ana, n'kutsekanso. Katundu yense analowa pampando wakumbuyo, pambali pa apongozi. Iwo atakhala pansi, galimoto inapuma mpweya wautali n'kutsikiranso, moti ndinaona matayala akumbuyo atalowa m'kati ngati mutu wa kamba.

M'tauni tinayenda bwino. Apongozi anauza mwana wawo kuti andiuze kuti mipando ndi yofewa, ine mtima n'kukhala m'malo. Titafika pa hampu yoyamba ya ku Kalingalinga ndinachita zanga za nkhanu zija. Matayala akutsogolo anakwera, anatsika, kenako pansi panamveka kukhuluka kwa chitsulo, galimoto n'kuima. Ndinaponda mafuta, matayala anangozungulira. Tinali titakhala pamimba, pamwamba penipeni pa hampu, titatsekanso msewu mopingasa.

Kumbuyo maminibasi anayamba kuliza mahutala. Kondakitala wina anatsika, n'kusuzumira pa windo limene apongozi anatsitsa kuti apume mphepo, ndipo anakuwa kuti msewu wonse umve.

"Ba mudala, selusani ba mami kumbuyo uku, ndiye balemesa!"

Ndinafuna nthaka ing'ambike indimeze pamodzi ndi malimu anga. Zimene ananenazo zinali zoona, koma ndi mkamwini uti angauze apongozi ake kuti tsikani, mwalemera? Ngakhale kudzera mwa mkazi wanga, mawu amenewo analibe njira yodutsira. Amake Taonga anangoti maso pa galasi lakutsogolo, milomo atailuma. Ine thukuta kamukamu, manja pa chiwongolero. Paja fisi akagwa m'mbuna salankhula.

Apongozi anachita ngati kondakitala uja ndi mphepo chabe. Anayang'ana kutsidya kwa msewu, kumene amayi ena anayala malonda awo, n'kulankhula modekha.

"Iwe, kodi si matimati awo? Tanditsekulira, ndikaone matimati a m'tauni."

Anatsika ndi ndodo yawo. Galimoto inadzuka ngati munthu amene watula mtolo, ndipo inadutsa hampu ija mosavuta. Ndinaima patsogolo pang'ono. Iwo anasankha matimati mosafulumira, anacheza ndi wogulitsa, kenako anabwera akutsimphina n'kukhalanso pamalo pawo. Anauza mwana wawo kuti matimati a kuno ndi aakulu koma alibe fungo.

Ndinaganiza kuti zangochitika mwamwayi. Koma tisanafike pa hampu yotsatira, ine ndisanayambe n'komwe kupingasa, anati aona chitenje chokongola pa kantemba, kagolosale ka m'mbali mwa msewu, ndipo akufuna akachigwire ndi manja. Pa inzake anati mwendo wachita dzanzi, ndi bwino auwongole pang'ono. Apa m'pamene ndinazindikira kuti mayiwa akuwerenga msewu kuposa ine, ndipo akuona hampu ili kutali n'kuyamba kuikonzera chifukwa.

Zifukwazo zinayamba kuvuta kupeza, koma iwo sanagonje. Pa hampu ina panalibe msika, panali owotcherera zitsulo okhaokha. Apongozi anatsika n'kukayendera geti lalikulu lachitsulo, kuligogoda ndi ndodo, kufunsa ngati limachita dzimbiri (kwawo ku Katete alibe ngakhale mpanda woti n'kuikapo geti). Pa ina anati mayi amene waima apoyo akufanana ndi mwana wa malemu a Phiri a kwawo. Anapita kukamupatsa moni wautali, wofunsa ana ndi mvula. Mayiyo anali Mubemba wosadziwa n'komwe kumene Katete ali, koma anayankha moni wonse mwaulemu, ndipo anasiyana akugwirana manja ngati pachibale.

Ndikanaseka, koma pa galasi ndinkaona mmene ankakwerera. Nthawi iliyonse ankayamba kulowetsa mwendo wabwino, kenako n'kunyamula wotupawo ndi manja awiri, nkhope ataitembenuzira kumbali kuti mwana wawo asaone. Akakhala pansi ankapuma kaye, kenako n'kunena kanthu kena kosangalatsa za m'tauni. Sanadandaule ngakhale kamodzi. Chisoni chinandigwira, ndipo manyazi amene ndinali nawo pa kondakitala uja anachepa poyerekeza ndi awa.

Titasiya tala n'kulowa kamsewu ka kwathu, ka miyala yosongoka ndi ngalande ya madzi otsukira mbale, ndinadziwa kuti apa palibe nkhanu imene ingathandize. Iwonso anaona. Anauza mwana wawo kuti kwawo mlendo salowa m'mudzi atakhala pansi, amalowa ndi mapazi kuti anthu amuone. Mwambo umenewo sindinaumvepo, ndipo ndikukhulupirira kuti unabadwira pomwepo. Anayenda kamtunda konseko, ndodo patsogolo, mwana wawo pambali, akupereka moni kwa aneba khomo ndi khomo. Ine ndinkakwawa pambuyo pawo ndi nshawa ndi nkhuku, magalasi akuda atandibisa. Kwa nthawi yoyamba tinti uja anagwira ntchito yooneka.

Mayi wina woyandikana nafe, amene pakamwa pake sipapuma, anafunsa chifukwa chimene mlendo akuyendera pansi galimoto ilipo. Apongozi anamuyankha akumwetulira kuti galimoto ya ana awo ndi yaulemu kwambiri, imagwadira chitunda chilichonse, ndiye iwo safuna kuilemetsa pa mapemphero ake. Anthu anaseka, koma anaseka mokoma, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Madzulo dzuwa lisanalowe ndinali kuseri kwa nyumba, ndikunamizira kupukuta galimoto imene inali yoyera kale. Windo la kuchipinda linali lotsekula. Ndinamva madzi akukhuthulidwa m'beseni, ndipo ndinadziwa kuti amake Taonga akuthowa bondo la amayi awo. Mkazi wanga anayamba kulankhula mokwiya.

"Amama, onani mmene latupira. Mukanangokhala m'motoka, achite manyazi, aphunzire."

"Iwe, ukadali mwana," anatero apongozi. "Mwamuna akachita manyazi pamaso pa apongozi ake, manyaziwo sawataya kudzala. Amalowa nawo m'nyumba n'kuwatula pa mkazi wake. Ine ndibwerera ku Katete, iwe utsala naye. Bondo lipola."

 Kenako apongozi anawonjeza motsitsa mawu.

"Komanso mwanayu anapaka polishi matayala chifukwa cha ine. Ndinaona."

Ndinakhala pansi pafupi ndi tayala lomwelo, nsanza ili m'manja. Nkhuyu ndinadya ine, koma zinapota akulu.

M'mawa mwake ndinalawirira kwa Ba Jere. Sanandiseke, anangondikumbutsa kuti chodulidwa sichimera, ndipo tinazungulira m'mashopu a zitsulo zakale mpaka tinapeza masipuling'i ena. Chisipika ndinachitsitsa, pano chili kuchipinda, amake Taonga amaikapo mabulangete. Malimu ndi tinti ndinazisiya, chifukwa munthu salapa machimo onse Lamlungu limodzi. Tsiku lopita kuchipatala apongozi anakhala kumbuyo mwaufumu kuchokera pakhomo mpaka pakhomo, galimoto ikudutsa mahampu itaimirira ngati ya ahedi, ndipo sindinaikondepo ngati tsiku limenelo.

Chimene chinkandivuta n'chakuti mwambo umene unanditseka pakamwa pa hampu paja unkandiletsanso kuwathokoza ndekha. Tsiku lobwerera kwawo, tili pa siteshoni, ndinagwada chapatali n'kupempha mkazi wanga kuti awauze kuti ndathokoza kwambiri pa zimene anandichitira tsiku lija. Apongozi anamvetsera, anakonza duku lawo, n'kuyang'ana kumbali monga mwa mwambo.

"Uwauze atate a Taonga kuti sindikudziwa chimene akuthokoza. Ine ndinkangofuna matimati."