Tsiku Limene Ndinanyambita Kapasita

Ndikulumbira pali manda a amayi anga ku Kawinga, mphezi indiwombe dzuwa likuswa mtengo ngati ndawonjezerapo liwu ngakhale limodzi. Kusukulu sindinapondeko, koma masiku amenewo pa Ulongwe panalibe wailesi imene inkandiona n'kukhalabe chete. Ndikangotsokomola, yakufa inkayamba yokha kuwerenga nkhani. Luso langa linali kuyanika mabatire padzuwa, kuwanyambita kuti ndimve ngati muli moto, kenaka kambama kamodzi pamsana pa wailesiyo. Zinkatheka ndithu!

Inali nthawi yokoma, abale. Wailesi imodzi, anthu makumi atatu pansi pa mtengo wa mango, mpira tikuuonera m'makutu. Chinthu chikafa tinkachidzutsa, osati zalerozi, foni ikangotsinzina mwaiponya kudzala.

Ndiye mtima wanga unagwera Esinati, mtsikana amene ankagulitsa mandasi pa Balaka. Mwini mbumba anali amalume ake, a Namakhwa, eni golosale pa Ulongwe pomwepo. Iwowa anali ndi chiwailesi chamagetsi chimene anabwera nacho ku Joni, chachikulu moti mbuzi ziwiri zikanagonamo, koma chinali chitasiya kulankhula. Ine pofuna kutchuka ndinati, "Amalume, ichi ndi chimfine chabe."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Chabwino. Chikalankhula, ankhoswe anu abwere. Chikapanda kulankhula, musadzapondenso pakhonde pano."

Loweruka m'mawa ndinafika nditavala malaya oyera, sikuludiraiva kukhutu ngati ndudu. Anthu anadzaza khonde, Esinati ali pakhomo. Ndinayamba ndi kambama. Zii. Ndinatsegula kumbuyo, mayo ine! Ndinali ndisanaonepo matumbo otere. Koma mwamuna angabwerere pamaso pa mkazi?

Ndinaona kanthu konga nyemba, ka mizere yofiira ndi yachikasu, katapserera mbali imodzi. Pano ndikudziwa kuti ndi rezisita. Tsikulo ndinalengeza kuti ndi mkanda umene azungu amaikamo pokongoletsa. Ndinakadula, n'kulumikiza ndi waya wa pampanda.

"Achimwene," anatero Esinati chapansipansi, "mizereyo ili ndi tanthauzo."

"Za mandasi kwanu, za magetsi kwathu," ndinayankha, anthu n'kuwomba m'manja.

Nditalowetsa pulagi, utsi unatuluka wokwana kuumitsa fodya wa munda wonse. Ndinazula msanga n'kunena kuti matenda akutuluka. Kenaka maso anga anagwera pa waya wopyapyala atakulungidwa pa kamtengo, koyilo. Ndinati, "Nali vuto! Mawu angadutse bwanji njira yokhotakhota chonchi?" Ndinayamba kumasula. Ndinakoka, ndinakoka, wayayo anatuluka pakhonde, anawoloka msewu, mpaka minibasi ya ku Liwonde inaima kudikira kuti ndimalize.

A Namakhwa anali atasiya kuphethira.

Panatsala chinthu chimodzi, choimirira ngati kachitini ka tomato, cha miyendo iwiri. Ndinati ameneyu ndi batire, ndipo pa mabatire mfumu ndine. Pulagi ndinali nditazula kale, ndiope chiyani? Ndinawerama, ndinalowetsa mutu, n'kutulutsa lilime.

"Iyayi, achimwene, kapasita ameneyo!"

Mawu a Esinatiwo anandipeza ndili m'mwamba. Phwaa! Ndinaona nyenyezi masana, ndinaona sitima ikulowa pa Nayuchi, ndinaona agogo anga akulima ku Mozambiki asanasamuke. Ndinakatera m'dengu la tomato la mayi wina kutsidya kwa msewu, nsapato zitatsala pakhonde zitaima bwinobwino.

Atandinyamula, a Namakhwa anafunsa, "Nanga amisiri, vuto mwalipeza?"

Ndinafuna kuyankha mwaulemu, koma lilime linali litatupa ngati chinangwa. Chimene chinatuluka ndi "Blebleble." Agalu omwe anaseka.

Ndinadziwa kuti ukwati wapita. Koma Esinati anakokera mpando pafupi ndi wailesi. Kani mandasi ake ankagulitsira pakhomo pa mmisiri weniweni pa Balaka, ndipo zaka zitatu maso ake sankagona. Anandikhazika pansi ngati mwana.

"Mvetserani, poti lero simungandidule mawu. Magetsi ali ngati madzi a mu ngalande yakudimba. Rezisita ndi mwala wotchinga kuti asathamange n'kukokolola mbewu, mizere ija imanena kukula kwa mwalawo. Koyilo amamukulunga dala, ndi amene amathandiza kusankha siteshoni. Kapasita ndi mtsuko. Ngakhale mutseke ngalande, mtsuko umakhalabe ndi madzi. Inu mwamwa mtsuko wonse."

Anakatenga zipangizo ku Balaka, ndipo Lachitatu chiwailesi chija chinaimba mpaka malata kunjenjemera. Ine ndinali pakona, lilime lili m'kapu ya madzi. Ndinanyamuka kuti ndizipita, poti wokonza sanali ine.

"Khalani pansi," anatero a Namakhwa. "Zaka zonsezi ndakhala ndikufuna mkamwini wosalankhula. Ankhoswe abwere mawa, lilimelo lisanaphwe."

Linaphwa patatha sabata, koma kunali kutachedwa, anali atavomera kale. Takhala ndi amayi akunyumbawa zaka makumi anayi, ndipo chiyambire tsiku limenelo sindinyambitanso chinthu chokhala ndi miyendo iwiri yawaya. Ngakhale sitampa ya kalata ndinkapempha ena.

Dzana ndikufotokoza zimenezi, a Jailosi okonza mafoni pamsika anati, "Madala, kapasita sangaponye munthu kudumpha msewu." Zamkutu! Iwo analipo? Msewu wa nthawi imeneyo unali waung'ono, makapasita ake anali a ku Joni. Ngati akukayika, chiwailesicho chikadalipo kunyumba, abwere ndi lilime lawo.