Takondwa Asabwererenso kwa Anavaho

Lolemba

Takondwa wafika kudzapuma sabata imodzi. Mwana wanga mmodzi yekhayo. Wada, waonda, nsapato zili psuu ndi fumbi ngati wachokera ku Mchinji. Koleji yake ili ku Arizona, ndi ya Anavaho, eni nthaka amene anali kuno azungu asanafike. Akuphunzira zachuma ndi uphunzitsi, ndipo akuti akamaliza adzaphunzitsa komweko. Komweko!

Ine ayi. Sindinawoloke nyanja kuti mwana wanga akagwire choko kuchipululu. Asanakwere sitima Lamulungu, avomere kusiya sukulu imeneyo, abwere ku Indianapolis achite unesi ngati ana a anzathu.

Zida zanga:
1. Nzeru zanga.
2. Mayi ake, aNambewe.
3. Zikavuta, amalume ake ku Lawrence, dera la ku Indianapolis. Mwini mbumba sakanidwa.

Lachiwiri

Ndapempha ofu kuchipatala. Ndamukhazika patebulo, ndikuyala mfundo. Nesi sasowa ntchito. Mphunzitsi amakalamba ndi kufuula. Indianapolis ndi pafupi, tingamadiraive Loweruka kukamusiyira usipa.

Akumvetsera mwaulemu, kenako akuyankha m'Chingelezi monga mwa masiku onse. Akuti pa zachuma amaphunzira kuti chinthu chimalemera kumene chikusowa. Kusukulu kumene amakayeserera kuphunzitsa kuli ana amene akudikira mphunzitsi wa masamu. "Uko ndikufunika, Dad."

Ndikufuna kunena kuti m'nyumba muno nayenso akusowa.  M'malo mwake ndapita kugalaja kukaona galimoto, ngakhale ilibe vuto lililonse.

Lachitatu

Lero ndi tsiku la aNambewe. Ndawauza m'mawa ndisanapite kuntchito kuti amulankhule ngati mayi, ngati pafunika misozi asaumire.

Ndikubwerako, ndikupeza awiriwo akuseka kukhitchini. Mwana watulutsa ufa wa chimanga chabuluu umene anapatsidwa ndi mayi a mnzake. Akuti Anavaho amaphikira phala, amathiramo phulusa. Akazi anga manja m'mwamba: "Phulusa? Chidulotu chimenecho! APhiri, anthu odziwa chidulo sangazunze mwana wathu."

Basi, chida chachiwiri chapita. Phalalo ndalawa chifukwa cha njala yokha. Likukoma, koma sindinauze munthu.

Lachinayi

Mwana wabwera yekha pabalaza, wakhala pansi pakapeti. Akuti kumeneko wophunzira uphunzitsi saima pamaso pa ana asananene kuti ndi mwana wa yani. Anzake amatchula mifunda ya agogo awo onse anayi, m'chinenero chawo, kuyambira kuchikazi. Iye chaka chonse wakhala akungoti, "Takondwa, from Indiana." Ana amamuyang'ana ngati alibe kwawo. Manyazi amugwira, akufuna timuuze.

ANambewe ngati anakonzekera. Agogo aakazi a kuchikazi ndi aNamwale, agogo aamuna ndi aMbewe. Phiri, dzina limene lili pa pasipoti yake, akuti libwere pomaliza. Pomaliza, ngati mchira!

"Nanga amayi anu, Dad?"

 Ine ndinkangoti amayi. Ndikufufuza m'mutu, kenako ndikumva mawu a malemu bambo anga akuitana kuseri kwa nkhokwe: "ANankhoma, kwabwera alendo kuno!" Ndalitchula. Chiwaikire m'manda, dzinali linali lisanatulukepo m'kamwa mwanga. Mtima wandiwawa kwambiri, ndipo za unesi sindinazikhudze n'komwe.

Lachisanu

Nyumba yasanduka kalasi. Akuyeserera m'bafa, pamasitepe, pakhomo la firiji. "Ndine mdzukulu wa aNamwale, mdzukulu wa aNankhoma." Chichewa chake chikutsimphina. Nankhoma akumutchula ngati dzina la mankhwala.

Ndalumbira kuti sindithandiza, pakuti kumuthandiza ndi kumukonzera ulendo. Ndakuwa kamodzi kokha ndili kuchipinda: "Nkho! Tulutsa mpweya, iwe!" Mwina kawiri.

Zaka zonsezi timamulankhula Chichewa, iye n'kumatibwezera Chingelezi. Lero Anavaho amulamula, wamvera. Nsanje ikundidya, sindibisa.

Ndaimbira alamu anga ku Lawrence. Akuti, "Bwerani naye, alamu. Ndimuika pamzere."

Loweruka

Ulendo wa ku Indianapolis. Msewu wonse minda ya chimanga yokololedwa kale.

Alamu avala jekete, akhala pampando waukulu, nkhope ya mlandu. Ndikuti lero ndi lero. Mwana akulowa, akugwada, akuwomba m'manja. Asanatsegule pakamwa amalume ake, wayamba: "Amalume, ine ndine Takondwa. Ndine mdzukulu wa aNamwale, mdzukulu wa aNankhoma, wa aMbewe, wa aPhiri. Ndikuphunzira kukhala mphunzitsi." Osaphonya ngakhale liwu limodzi.

ANamwale ndi mayi awo a alamuwo. Avula magalasi, akuwapukuta, akuwapukutabe. Ana awo atatu aima pakhomo kukamwa yasa, palibe amene wamva kanthu.

Chigamulo: "Alamu, mbumbayi ndi yanga. Apite. Ndipo mundifunsireko ngati koleji imeneyo ingalandire atatu awa."

Mwini mbumba sakanidwa, ndinanena ndekha. Pobwerera ndaphonya pokhotera, tazindikira tili ku Speedway, kumene magalimoto amathamanga mozungulira osafika kulikonse. ANambewe akuti ndiwasiyire chiwongolero. Ndawasiyira.

Lamulungu

Tapemphera mapemphero am'mawa, tathamangira kusiteshoni ya pabwalo la ndege. Sitima ya ku Chicago, kumene akasinthire wa ku Arizona, yaima kale. M'chikwama chake muli usipa uja ndimati tizikamusiyira ku Indianapolis. Ndaulongedza ndekha.

Mfundo zatha. Ndangomuuza kuti ana akumeneko akamuvuta asakuwe, awayang'ane m'maso. Sindidziwa kuti ine zimenezi ndazitenga kuti.

Wakumbatira mayi ake. Kwa ine wapinda bondo pamaso pa azungu onse, wagwira dzanja langa ndi manja awiri. Akuti, m'Chichewa: "Pitani bwino, ababa."

ANambewe akufuna kumukonza kuti wopita amati tsalani bwino. Ndawagwira mkono. Musiyeni. M'banja muno amene anayamba kupita kutali ndine, ndipo amayi anga anandiperekeza mpaka pamsewu osandiletsa.

Ndamuyankha kuti, "Utsale bwino, mwanawe." Waseka, wakwera, chitseko chatsekeka. Taima mpaka sitima yakhota, ndipo aNambewe ndi amene adiraiva pobwerera.