Mmene ulemu unandidyetsera chinsomba cha miyendo eyiti

Nkhani iyi anzanga a pa Kamwendo amangodziwa theka lake, theka londikomeralo. Lero ndiulula yonse ndi manyazi ake omwe, chifukwa chinthu chija chili lende pa denga la khitchini yanga chayamba kubweretsa mafunso ngakhale kwa akuluampingo.

Ine ndine wa ku Mkanda, koma miyendo yanga sinavomerepo zimenezo. Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, zotsalazo ndinaphunzira powerenga zikwangwani za m'misewu. Matipate atabwera aliyense anasanduka wa geni, ine ndinasanduka woyenda. Ndikangokumba mtedza, mkazi wanga ankaona chikwama chasowa pa msomali, n'kudziwa kuti bambo anyamuka.

Chaka chimenecho ndinafika patali kuposa kale: Dar es Salaam, kenako Zanzibar, kukangoona ngati n'zoona kuti kuli madzi opanda tsidya. Pobwerera ndinakwera sitima yapamadzi ija yoyenda ngati ikuganiza. Mafunde anandichita zoipa. Zonse zimene ndinadya kuyambira pa Khirisimasi ndinazipereka kwa nsomba.

"Mayo ine, ndafera chidwi," ndinadandaula nditakumbatira chitsulo cha m'mphepete.

"Simufa, mudala. Yang'anani kutali, osati pansi," anatero munthu wina kumbuyo kwanga.

Chinyanja, pakati pa nyanja yamchere! Anali a Tembo, dalaivala wa ku Chipata. Thiraki yawo inali pa doko la Dar es Salaam kudikira feteleza, ndipo pobwerera ankadutsira ku Songwe, Kasungu, n'kutulukira kwathu ku Mchinji. Ine za njira yobwerera ndinali ndisanaganize, monga mwa chizolowezi changa.

"Ndikakutsitsani pa Kamwendo penipeni, a Phiri," anatero. "Koma inunso mundithandize kanthu."

Kanthuko kanali aka. A Tembo anakwatira mkazi wa mumzinda momwemo, dzina lake Zuhura, koma apongozi awo ankakana kum'tulutsa. Ankati anthu akumtunda alibe khalidwe, mwana wawo sangakakhale pakati pa anthu otere.

"Akuti ife timadya mbewa," anatero a Tembo.

"Koma timadyadi."

"Zimenezo musakanene. Inu mukuoneka munthu woleredwa bwino. Tikadye kumeneko masana ano, akaone okha mmene anthu akwathu alili. Akakondwa, Zuhura akwera thiraki. Mukandichititsa manyazi, mkazi atsala, inunso mutsala."

Ndinadziguguda pachifuwa. Pa nkhani ya ulemu, malemu bambo anga sanali oseweretsa.

Sitima inakocheza m'mawa, ndipo a Tembo anati andionetse kaye mzinda. Anzanga, masiku amenewo kuyenda kunali kukoma. Tinaona chifanizo cha msilikali wogwira mfuti pakati pa raundabauti, ine ndinavula chipewa. Tinaona masitima akuluakulu oposa tchalitchi cha ku Kachebere, ndi makina onyamula makontena ngati akunyamula mabokosi a machesi. Ku msika wa nsomba ndinaona nsomba yaitali kuposa ine ikudulidwa ndi chikwanje, ndipo ndinafunsa ngati ili ndi chikopa chopangira ng'oma.

Mimba inali yopanda kanthu, ndiye ndinayamba kuibwezera. Chinangwa chokazinga chothira tsabola. Madzi a kokonati. Madzi a nzimbe ofinya pa makina. Chinangwa chinanso.

"Mudala, siyani malo," anandichenjeza a Tembo.

"Malo alipo, a Tembo. Sitima yasesa zipinda zonse."

Masana tinafika kwa apongozi, kanyumba kaukhondo m'kanjira kothina. Ndinavula nsapato pakhomo, ndinagwada, ndinaomba m'manja katatu mwaulemu. Mayiwo, munthu wamkulu thupi wa maso osaphethira, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku masokosi. Sokosi lina linali lobooka pa chala chachikulu, ndinalibisa pansi pa linzake.

Tisanasambe n'komwe m'manja, uthenga unabwera woti a Tembo akufunika ku doko, thiraki yafika pa mzere wopakira.

"Sindichedwa," anandinong'oneza. "Zuhura amamva Chinyanja pang'ono. Inu ingoonetsani khalidwe."

Ndinatsala pa mkeka ndekha.

Mbale yoyamba inali mpunga wophikira kokonati ndi nsomba ya msuzi wachikasu. Mpaka lero ndikaukumbuka ndimameza malovu. Ndikanatha kunyambita mbaleyo mpaka maluwa ake kufufutika. Koma mawu a bambo anga anandigwira dzanja: mlendo woleredwa sapukuta mbale, amasiyako nthongo ya ana otsuka mbale. Wopukuta mbale ndiye kuti akunena kuti pakhomopo anam'mana.

Ndiye ndinasiya kampunga pambali, n'kukasalaza bwinobwino, n'kuikapo kamchira ka nsomba pamwamba. Ndinakankha mbale, ndikumwetulira.

Mayi aja anayang'ana mbale. Anayang'ana ine. Analankhula kanthu kwa mwana wawo.

"Alamu," anatero Zuhura, "chakudya sichabwino?"

"Chokoma kwambiri, alamu."

"Nanga ichi?"

"Ndakhuta, zikomo."

Kunena kuti ndasiyira ana sindikanatha. Bambo ankati wosiya chakudya n'kulengeza ndi wopempha kutamandidwa.

Mayiwo anatapa kampungako ndi chala, analawa, anapukusa mutu, n'kulowa kukhitchini. Ndinamva mapoto akulira. Mumtima ndinati, aona khalidwe, akufuna kulipatsa mphoto.

Mbale yachiwiri inabwera ndi tinthu tofiira topindika, ta ndevu zazitali. Ndinatizindikira nthawi yomweyo: ziwala za m'madzi. Munthu wa ku Mkanda sauzidwa kadyedwe ka ziwala. Ndinathothola ndevu zokha, zina zonse kukutu kukutu, mutu ndi zikamba zomwe. Pamapeto ndinasiya zinayi, nditazindandalika ngati ana a sukulu pa asembule.

Mayiwo anatulutsa mpweya wautali. Anatenga zinayizo n'kuponyera mphaka wakuda amene anali atakhala pakhomo. Anamanga chitenje mwamphamvu n'kubwereranso kukhitchini.

Yachitatu inali nkhanu. Kwathu nkhanu ndi kanthu ka m'dambo kokwana m'dzanja. Iyi inadzaza mbale yonse, ndipo inkaoneka kuti inafa isanagonje. Ndinalimbana nayo ngati ndikumasula tayala. Chala chake china chinathawa m'manja mwanga n'kukamenya kalendala pakhoma. Mphaka anachitola.

"Alamu, iyi yabwino?" anafunsa Zuhura.

"Sindinadyepo yokoma chonchi."

"Ndiye malizani."

"Ayi, ndakhuta ndithu."

Ulendo uno sikunali kunama. Chinangwa cha m'mawa chija chinali chitayamba kufunsa kuti alendo onsewa agona pati.

Kenako ndinaona pakhomo pakuda ndi anthu. Amayi oyandikana nawo anayamba kufika, mmodzi, awiri, asanu. Ankasuzumira, kunong'onezana, wina kulawa msuzi wotsala n'kutambasula manja. Ine ndinakhala tsonga, n'kukonza kolala. Ndinati mbiri yafala, abwera kudzaona mwamuna wa ku Malawi amene amadziwa kudya pa chilendo.

Ndipo apa m'pamene ndinadzipha ndekha. Poona kuti oonerera achuluka, ndinaganiza zokweza ulemu. Mbale yachinayi, nthochi zophika ndi nyama, ndinasiya theka lathunthu. Ndinachita kudula malire owongoka pakati ndi chala, ngati wogawa munda.

Mayi wina pakhomo anagwira pachifuwa. Apongozi a Tembo anakhala pa mpando kwa kanthawi, akudzikupiza ndi chivundikiro cha poto. Kenako anadzuka ngati munthu wopita kunkhondo yomaliza.

Ine ndinamasula lamba bowo limodzi. Kenako lachiwiri. Mphaka anali atagona chagada.

A Tembo analowa nthawi imodzi ndi mbale yachisanu. Sanafike n'komwe pa mkeka. Apongozi anawalandira ndi Chiswahili chothamanga, akuloza ine, akuloza mbale, akuloza kumwamba. Nkhope ya a Tembo inayamba kutuwa.

"A Phiri, mwachita chiyani?"

"Khalidwe, a Tembo. Mbale iliyonse ndasiyako. Yomalizayi ndasiya theka."

Anagwira mutu ndi manja awiri.

"Mulungu wanga, ndinaiwala kukuuzani. Mudala, m'nyumba muno kusiya chakudya n'kutukwana dzanja la wophika. Mayi awa ndi amene amaphika pa maukwati onse a dera lino. Mbale yawo sinabwererepo ndi kanthu. Inu mwabweza zinayi, pamaso pa anzawo."

"Koma ndimasiyira ana."

"Ana ati? Mwaona mwana muno?"

Ndinayang'ana uku ndi uku. Mphaka anatsegula diso limodzi.

"Ndiye afotokozereni mwambo wathu."

A Tembo anayesa. Analankhula, anagwada, anajambula ana m'malere ndi manja. Mayiwo anayankha mawu ochepa okha.

"Akuti chiyani?"

"Akuti pakamwa pa mkamwini pamanama, koma mbale sinama. Akuti ngati ku Chipata mumanyoza chakudya chonchi, mwana wawo akafa ndi chisoni. Zuhura sapita."

Zuhura anayamba kulira mwakachetechete. Ine ndinaona msewu wa ku Mchinji ukutalika m'maso mwanga, ndili wapansi ndi sokosi lobooka.

"Pali njira imodzi," anatero a Tembo. "Mbale iyi iyere."

Anavundukula.

Anzanga, ndayenda. Ndadya mbewa, ngumbi, matondo, ndi zina zimene sindinafunse maina. Koma ichi chinali chimutu chofewa ngati chipewa chonyowa, ndi miyendo eyiti yopotana, uliwonse uli ndi timabatani kunsi. Iwo amachitcha pweza. Chinali chathunthu, chitagona mu msuzi, ngati chikudikira kuti ndiyambe ndine.

"A Tembo, ichi ndi chakudya kapena umboni wa mlandu?"

"Idyani, mudala."

"Tigawane."

"Akuyang'ana inu."

Ndinapemphera pemphero lalifupi kuposa onse, n'kugwira mwendo woyamba. Unali ngati chubu cha njinga chophikidwa mwachikondi. Ndinatafuna, unabwerera. Ndinatafunanso. Amayi a pakhomo anayamba kuwerenga mokweza m'chinenero chawo, ndipo ndi mmene ndinaphunzirira manambala a Chiswahili mpaka eyiti.

Pa mwendo wachitatu thukuta linali likugwera mu msuzi. Pa wachisanu ndinavula lamba n'kumupereka kwa a Tembo. Pa wachisanu ndi chiwiri ndinaona malemu bambo anga ataima pakona, akupukusa mutu.

"Watsala umodzi ndi mutu," ananong'oneza a Tembo. "Ganizirani za Kamwendo."

Ndinaganizira za Kamwendo. Ndinameza mutu. Kenako ndinapinda chala n'kupukuta mbale kuzungulira, kawiri, mpaka inawala. Bambo, mundikhululukire.

Nthungululu inalira m'kanjira monse. Mayi aja anandigwira mapewa n'kundigwedeza, zimene zinali zoopsa kwa onse okhala pafupi. Ankaseka, misozi ili m'maso, akulankhula mofulumira.

"Akuti chiyani, alamu?" ndinafunsa ndi mawu otsalira.

Zuhura anapukuta maso. "Akuti bwanji simunanene poyamba kuti chimene mumakonda ndi pweza? Akuti munthu wodziwa chakudya chonchi ndi wapamwamba. Akuti wina ali pamoto."

A Tembo ndi amene anandipulumutsa, ponena kuti thiraki ikutsekereza anzawo pa doko. M'mawa mwake Zuhura anakwera kutsogolo ndi masutikesi ake. Ine ndinagona kumbuyo kwa mipando ngati thumba la feteleza lowonjezera, ndipo tchire lililonse kuchokera ku Morogoro mpaka ku Songwe limandidziwa. Pambali panga panali phukusi lochokera kwa mayi aja: apweza atatu oumitsa, a panjira.

Ndinkayesa zathera pomwepo. Koma kuyambira chaka chimenecho, a Tembo akamadutsa pa Kamwendo amaimitsa thiraki, kuliza hutala, n'kusiya phukusi pa golosale. Apongozi awo saiwala. Amati n'la mwamuna uja wa ku Malawi amene sadya china chilichonse.

Mkazi wanga anakana kuti chinthucho chikhudze poto wake. Kutaya mphatso sindingathe, ndinaleredwa bwino. Ndiye ndimachipachika pa denga la khitchini, miyendo ili tambalale.

Anthu a ku Mkanda anachiona, ndipo nkhani inafala yoti a Phiri anabwera ndi chizimba cha pansi pa nyanja, chogwira wakuba ndi manja eyiti. Ndinafuna kutsutsa. Koma kuyambira pamenepo sindinabedwepo mtedza ngakhale chitsa chimodzi, ndipo mbuzi zanga zimagona panja. Mlungu wathawu mkulu wampingo anabwera kudzandidzudzula. Atatha kudzudzula, anayang'ana kudenga, n'kufunsa motsitsa mawu ngati ndingamudulireko mwendo umodzi wa ku munda wake wa fodya.

Ulemu uli ngati kwacha, anzanga: usanakadye nawo kunja, yamba wausintha pa boda.