Nkhondo ya Manayini Osatha

M'nyengo imene mwana wanga anaphunzira kugubuduka, nyengo ya mantha, pamene bedi lathu lalitali linasanduka phompho ndipo ine ndinkagona diso limodzi lili pa iye, ndinachenjeza amuna awiri a m'nyumba muno kuti thabwa la kuseri kwa chitseko lisakhudzidwe, pakuti ndilo lokha linatsala lotchingira mbali ya kabedi ka mwana. Onse anagwedeza mitu. Palibe anamva.

Woyamba anali bambo a mwana, Kalipentala Wamkulu, Mwini Pensulo ya Kukhutu, amene kabediko anakayamba ine ndili ndi pakati. Wachiwiri anali akulu awo, alamu anga, Mphunzitsi wa Masamu, Mkango wa Choko, amene anabwera kudzaona mwana naiwala njira yobwerera.

Lamulungu masana Kalipentala, poyeza ntchito ina, anagawa wani patatu pa foni, naphatikizanso magawo atatuwo papepala, ndipo panatuluka ziro, kadontho, ndi manayini ondondozana ngati nyerere.

"Akulu, taonani, wani wanga wachepa."

"Sanachepe, mng'ono wanga," unatero Mkango ukuimirira, vesiti ikukupiza ngati mbendera. "Manayini akakhala osatha, ameneyo ndi wani wathunthu. Pakati pawo sungalowetsepo ngakhale tsitsi."

"Inu choko chinakulowani m'mutu. Ine ndimadula matabwa. Chinthu ukachidula patatu, china chimapita ku utuchi."

"Manambala alibe utuchi, mbuli iwe."

"N'chifukwa chake sanakumangireni nyumba."

Pamenepo dziko linanjenjemera, ndipo ine, ndili kuchipinda dzanja lili pamimba pa mwana, ndinamva sowo ikulira. Ndinanyamuka, mwana anatembenukira kuphompho, ndinabwerera. Sowo inaliranso. Pomwe ndimafika pabalaza nditamubereka, thabwa lija linali zidutswa zitatu, ngwazi ziwiri zitagwada, zikuwola utuchi ndi khadi la mwana la kuchipatala.

"Nachi chosowacho," anatero Kalipentala.

"Chibwezeretse, uona kuti sichinasowe."

Ndimo mmene mtendere unadzera. Anasakaniza utuchi ndi guluu, namata zidutswazo, aliyense nalengeza kuti wapambana ndi iye. Thabwalo, litakhota ngati mwendo wa galu, analikhomera kukhoma pamwamba pa wailesi kuti mibadwo idzaone, kenako anakumbatirana, namwa tiyi wothira mkaka wa m'chitini wa mwana, masupuni osefukira.

"Nanga kabedi?" ndinafunsa.

"Mayi a mwana, katsala pang'ono kwambiri."

"Chotsala pang'ono chotero, mlamu, ife a masamu timachiwerenga chathunthu," unatero Mkango ukunyambita supuni.

Mchemwali wanga ali ndi kabedi ka mbali zinayi, kopanda wogonamo. Matewera ndalongedza, khadi ndalikuntha utuchi, chitini chotsala theka ndachibisa m'chikwama. Ine ndi mwana tinyamuka kusanache. Ngwazi zikadzuka zipeza m'nyumba mwachepa pang'ono chabe, ndiye ziwerengere zokha ngati ikadali yathunthu.