Agalu Oweta Nkhuku

Mtsikana wina analowa m'bala masana osapereka moni, nakhala pakona ngati akudikira wina. Chipewa, mmodzi wa akuba atatu amene ankamwa mmenemo, atangomuona, mowa unasiya kukoma.

Patebulo lawo Jenerali, mkulu wa gululo, ankajambula mapu ndi chala chonyowa. "Nkhuku makumi atatu, zoikira zokhazokha, kuseri kwa nyumba ya Mayi Mazira. Akuti Loweruka masana amakhala kumsika. Kulowa, kunyamula, kutuluka. Zophweka ngati kumwa madzi."

"Nanga agalu awiri aja, bigi?" anafunsa Ndodo, mbava yoopa ndi mphaka yemwe.

"Agalu amenewo saluma chonunkha nkhuku," anatero mtsikana uja chapansipansi. "Anawaphunzitsa akadali ana."

Chipewa anamuyandikira. "Mwadziwa bwanji, chemwali? Komanso dzina ndani?"

"Mudzanditengere thadzi lonenepa, ndidzakuuzani." Anamwetulira, natuluka.

Sabata yonse Chipewa ankangoona kumwetulirako, m'tambula ya mowa ndi m'mitambo momwe.

Loweruka atatuwo anadzipaka zitosi mpaka m'khosi, nadzimata nthenga ndi guluu. Chipewa anasomekanso nthenga ya tambala pachipewa, poti chikondi chimafuna kutchena. Analumpha mpanda. Agalu anabwera, kuwanunkhiza, osauwa.

"Ubongo, aise," ananong'ona Jenerali, akuloza mutu wake.

Koma agaluwo anaphunziranso china: nkhuku ikatuluka, aziibwezera m'khola. Wina anaima kumanzere, wina kumanja, nayamba kuwakankha ndi mphuno. Wofuna kupatuka ankamuonetsa mano. Chobwerera m'mbuyo, chowerama, akuluakulu atatu analowa m'khola la waya. Ndodo, pofuna kudziteteza, anakoka chitseko mwamphamvu, ndipo chotsekera chinagwa chakunja. Agalu anakhala pansi, ntchito yatha.

"Iyi ndi mbali ya pulani, bigi?" anafunsa Ndodo. Tambala anamujompha Jenerali khutu.

Patatha maola awiri geti linatseguka. Analowa wapolisi atatseka mphuno, pambali pake mtsikana uja.

"Zitatu zikuluzikuluzo si zanga, bwana," anatero mtsikanayo. "Siziikira."

Jenerali anabisa nkhope. Koma Chipewa anakonza nthenga yake, nanyamula thadzi lonenepa kuposa onse, naliyandikitsa kuwaya.

"Thadzi lija ndi ili, chemwali. Ine mbali yanga ndakwaniritsa."

Mtsikanayo anamuyang'ana, mwina ndi kachifundo pang'ono.

"Libwezereni pachisa, achimwene, lili ndi dzira. Ine ndine Mayi Mazira."