Tsiku limene ndinafufuta alimi a ku Chikweo

Mpaka lero munthu akatchula mawu akuti "seva" ndimasintha nkhani msanga. Ndikuuzani chifukwa chake, koma zisakafike kwa anzanga a kwaya.

Ndine kalaliki pa kabungwe kena kothandiza alimi pa Balaka. Lolemba lina abwana athu, mayi Namakhwa, analengeza kuti seva ya maimelo (kabokosi kakuda kamene kamangolira kuseri kwa kabati) yatsalira m'mbuyo, ndipo Lachinayi kubwera katswiri kudzaikamo pulogalamu yatsopano. Polankhulapo anandiyang'ana. Mwina ankayang'ana kalendala ya kumbuyo kwanga, koma ine ndinaona kuti akuyang'ana ine.

Nkhani ndi yakuti kwa miyezi itatu ndinakhala ndikufunsira ntchito kwina, makamaka ku bungwe lina la ku Liwonde, ndipo makalata onse ndinkatumizira pa imelo ya ku ofesi (kwathu ku Phalula netiweki imabwera ikafuna yokha). Ndiye seva yatumikira zaka zonsezi, ikakalambe mwezi womwewu? Ndinadziwa kuti wina wandinena.

Lachinayi anafika katswiri uja, a Tamandani, mayi wachitsikana wochokera ku Zomba. Ndinawapatsa mpando, n'kuyamba kuwafunsa mozungulira.

"Achemwali, mukamasamutsa maimelowa mumawawerenga?"

"Iyayi, bambo. Ndimangowapititsa ku pulogalamu yatsopano."

"Onse?"

"Onse. Sipatsala ndi imodzi yomwe."

Anamwetulira. Munthu wosadziwa kanthu samwetulira choncho. Kenaka analowa mu ofesi ya abwana, chitseko chinatsekedwa, ndipo ndinamva awiriwo akuseka. Akuseka ndani ngati si ine?

Masana anthu onse atapita kukadya, ine ndinatsala, ati mutu ukundipweteka. Ndinayamba kufufuta makalata aja imodzi imodzi. Ndisanafike patali ndinamva nsapato pakhonde. Poganiza kuti ndi abwana, ndinasankha maimelo onse a m'bokosi langa, n'kufufuta, n'kukakhuthulanso mobisala zofufutidwa. Wansapatoyo anali mayi wogulitsa nthochi. Ndinagula zinayi chifukwa cha chimwemwe.

Lachisanu m'mawa mayi Namakhwa anaima pa desiki panga.

"Bambo, tandisindikizirani mndandanda wa alimi a ku Chikweo ndi ku Ulongwe olandira mbewu ya nandolo. Alangizi anatumiza kwa inu. Lole inyamuka teni koloko, mvula yayamba kumeneko."

Ndinatsegula bokosi langa. Mbee, ngati mbale yotsuka. Ndinadina apa, ndinadina apo, koma osapeza kanthu.

"Abwana, pulogalamu yatsopanoyi yameza zonse. Ine ndinkaikayikira kale."

Abwana anatenga foni. Anaimbira a Tamandani, n'kukweza mawu a foni kuti tonse timve.

"Mabokosi ena onse ali bwino," anatero a Tamandani. "La bambowo ndinalipeza lopanda kanthu nditabwera kokadya. Koma musadandaule, ndinasunga kope la zonse m'mawa ndisanagwire chilichonse. Ndibweza ndili konkuno."

Abwana anakoka mpando n'kukhala pambali panga. Tinayang'ana kompyuta limodzi ngati anthu oonera mpira. Maimelo anayamba kubwera. Mndandanda wa alimi unatulukira, inde, koma pamwamba ndi pansi pake panali mayankho a makalata anga aja, mutu uliwonse ukunena za kufunsira ntchito. Ndinayesa kuphimba ndi dzanja (dzanja langa si lalikulu).

"Sindikizani, lole ikudikira," anatero mofatsa.

Ndinasindikiza. Anatenga mapepalawo, koma atafika pakhomo anatembenuka.

"Za ku Liwonde zija, anandiimbira mwezi watha. Paja munalemba dzina langa kuti ndikakuchitireni umboni."

Ndinali nditaiwala.

"Ndinawauza kuti ndinu munthu wosamala kwambiri ndi zikalata." Anayang'ana mapepala aja m'manja mwawo. "Mwina ndiwaimbirenso."

Mbewu inafika kwa alimi tsiku lomwelo. A ku Liwonde sanandiitane, ndipo ngati abwana anaimbadi kachiwiri sindidziwa. Kufunsa ndimafuna, koma pakamwa pamalemera.

Mkazi wanga akuti ndiphunzirepo kusakayikira anthu popanda chifukwa. Ndavomera. Kungoti sabata yamawa kukubwera wokonza makina osindikizira, ndipo palibe amene wandiyankha bwinobwino ngati makina amenewo amakumbukira zimene anasindikizapo.