Mtanda wanga pa chulu cha a Nambewe

Analipo tsiku limenelo ndi awa: mkazi wanga a Nambewe, alamu anga a Chikopa, mwana wanga Yohane, kapitao Saidi womasulira, ndi mzungu woyeza msewu. Wina mwa amenewa akakuuzani kuti ndinachita manyazi, akunama. Thukuta lija linali la dzuwa.

Zikhomo za msewu wochokera ku Namadzi anazikhoma pakati penipeni pa munda wathu. Saidi anati mafumu a azungu kutsidya la nyanja anapangana kale kuti njira ya ngolo idutse, nkhani inatha. Ine ndinafunsa ngati mafumuwo anagwirapo khasu m'munda umenewu. Ndinazula zikhomo zonse n'kukaziunjika pamapazi pa mzungu (mawu anga amamveka mpaka ku Mpama, ndipo tsiku limenelo sindinawaumire).

Mzungu anafiira, kenako anakhala pansi. Tinakangana mpaka anavomera kuti msewu upinde, udzere m'mphepete, cha ku chulu. Ndinati chulucho tengani, ndakupatsani ine mwini wake. Mzungu anatulutsa pepala la pangano, ine cholembera gwi ngati mpini, n'kujambula mtanda waukulu woti mafumu akewo akauone ali patali.

Apa m'pamene a Nambewe, amene ankachokera kuchitsime, anatula mtsuko pansi.

"Bambo a Yohane, chulu chimenecho munabwera nacho pomwe munkadzakwatira?"

Ndinati akazi asalowerere za amuna. Alamu anga anatsokomola, n'kumuuza Saidi mwaulemu kuti ine pamudzi pano ndine mkamwini, munda ndi wa mlongo wawo wosiyiridwa ndi mayi awo, ndipo pachulupo m'pomwe pamabereka maungu odyetsa banja lonse, ine ndemwe. Saidi anamasulira zonse osasiyako liwu (ndikuganiza kuti anawonjezerapo zake). Mzungu anang'amba mtanda wanga n'kupereka cholembera kwa alamu. A Nambewe sanakweze mawu, anangoloza ndi chala. Msewu unakankhidwira kumiyala kumene sikumera kanthu, chulu chinatsala.

Koma ndikunena pano, ndipo ndidzanena mpaka kumanda: wozula zikhomo ndine. Popanda kukuwa kwanga mzunguyo sakanakhala pansi. Ndinamufotokozera Yohane zimenezi tikubwerera kunyumba, kuti adziwe bambo wake ndi munthu wotani. Anamvetsera bwinobwino, kenako anati:

"Zoona, ababa. Mayi akuti mawa mulawire mukakuwenso kumunda, anyani atha chimanga."